Thanzi la m'kamwa ndi matenda oiwalaiwala

Ubale wa thanzi la m'kamwa ndi matenda oiwalaiwala ndi nkhani imene madokotala a mano ndi akatswiri a ubongo akhala akuifufuza kwambiri kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kafukufuku wochitika m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti anthu amene adwala chiseyeye kwa zaka zambiri, komanso amene anaguluka mano ambiri, amapezeka ndi matenda oiwalaiwala kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo amene m'kamwa mwawo muli bwino. Kusiyanaku si kwakukulu kwambiri. Zotsatira za kafukufuku wambiri zikaphatikizidwa, chiopsezo chimakwera ndi pafupifupi 20 mpaka 30 peresenti.

Akatswiri amavomereza kuti ubalewu ulipo, koma amasiyana maganizo pa chimene chimauchititsa. Ena amati mabakiteriya a m'nkhama ndi kutupa kumene amayambitsa zimawononga ubongo. Ena amati ubongo ndi umene umayamba kufooka, ndiyeno munthu amasiya kusamala mano. Enanso amati matenda awiriwa amachokera ku gwero limodzi, monga kusuta fodya, matenda a shuga ndi umphawi.

Matenda oiwalaiwala

Matenda oiwalaiwala, amene m'mabuku a zachipatala amalembedwa kuti dementia, ndi gulu la matenda amene amawononga maselo a ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kudzisamalira. Wodwala amaiwala zimene zangochitika kumene, amasochera m'malo amene anawazolowera, amasowa mawu polankhula, ndipo khalidwe lake limasintha. Ngakhale kuti amagwira kwambiri anthu achikulire, matendawa si ukalamba chabe, chifukwa anthu ambiri amakalamba nzeru zawo zili bwinobwino.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo chaka chilichonse anthu pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Oposa 60 peresenti ya odwalawa amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi matenda a Alzheimer, amene amagwira odwala 60 mpaka 70 pa 100 alionse. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, ndi amene anawafotokoza koyamba mu 1906. Muubongo wa wodwala mumaunjikana mapuloteni a mitundu iwiri: amyloid beta, amene amaundana kunja kwa maselo, ndi tau, amene amapiringizana mkati mwa maselo. Mtundu wachiwiri wofala umabwera mitsempha ya magazi ya muubongo ikawonongeka, mwachitsanzo pambuyo pa sitiroko.

Chiseyeye ndi kuguluka kwa mano

M'kamwa mwa munthu mumakhala mitundu mazanamazana ya mabakiteriya, ndipo yambiri siivulaza. Mano akapanda kutsukidwa, mabakiteriya amapanga litsiro lomata m'mphepete mwa nkhama, limene madokotala a mano amalitcha plaque. Litsiroli likakhalitsa limauma n'kukhala ngati mwala, moti mswachi sungalichotsenso. Nkhama zimatupa, zimafiira ndipo zimatuluka magazi potsuka mano. Apa matenda amakhala adakali poyambira ndipo amatha munthu akayamba kutsuka bwino mano.

Akalekereredwa, matendawa amalowa pansi n'kufika pa siteji yotchedwa periodontitis. Nkhama zimalekana ndi dzino n'kusiya mpata ngati kathumba. Mwa munthu wabwinobwino mpatawu umakhala mamilimita 1 mpaka 3, koma mwa wodwala umazama kupitirira pamenepo. Fupa logwira dzino limadyeka, mano amagwedera, m'kamwa mumanunkha, ndipo mapeto ake mano amaguluka kapena kuzulidwa. Fupa limene ladyeka silibwereranso lokha. Nthawi zambiri matendawa sapweteka, choncho munthu angakhale nawo zaka zambiri osadziwa.

Lipoti la WHO la mu 2022 linanena kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa a mitundu yosiyanasiyana. Chiseyeye choopsa chimagwira anthu akuluakulu pafupifupi 19 pa 100 alionse, kutanthauza anthu oposa 1 biliyoni. Pa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, pafupifupi 23 pa 100 alionse alibe dzino ndi limodzi lomwe.

Mbiri ya maganizowa

Maganizo akuti matenda a m'kamwa angadwalitse ziwalo zakutali ndi akalekale. Mu 1891 dokotala wa mano wa ku America, Willoughby D. Miller, analemba kuti m'kamwa mungakhale gwero la tizilombo tofalikira m'thupi lonse. Mu 1900 dokotala wa ku Britain, William Hunter, anakulitsa mfundoyi, ndipo kwa zaka zingapo madokotala ankazula mano pofuna kuchiza nyamakazi ndi matenda ena ambiri.

Amene anapita nazo patali kwambiri anali Henry Cotton, mkulu wa chipatala cha anthu odwala matenda a maganizo ku Trenton, m'chigawo cha New Jersey, kuyambira 1907 mpaka 1930. Iye ankakhulupirira kuti misala imayamba ndi tizilombo tobisala m'thupi, choncho ankazula mano a odwala, ndipo ena ankawachotsa mbali ya matumbo. Ambiri mwa amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo anamwalira, ndipo panalibe umboni woti njirayi imachiritsa. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1900 madokotala anali atasiya maganizo amenewa.

Nkhaniyi inadzukanso mu 1989 pamene ofufuza a ku Finland, motsogoleredwa ndi Kimmo Mattila, anapeza kuti anthu amene anadwala mtima mwadzidzidzi anali ndi mano oipa kuposa anzawo. Kuchokera pamenepo akatswiri anayamba kufufuza mwadongosolo ubale wa chiseyeye ndi matenda a mtima, a shuga, kenako a ubongo.

Zimene kafukufuku wa pa anthu wapeza

Mu 2006 Margaret Gatz ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mapasa ofanana a ku Sweden, amene mmodzi anali ndi matenda oiwalaiwala pamene mnzake analibe. Anapeza kuti kuguluka mano munthu asanakwanitse zaka 35 kunkayendera limodzi ndi matenda a Alzheimer muukalamba. Kafukufukuyu anali wofunika chifukwa mapasa otere amakhala ndi majini ofanana, choncho kusiyana kwawo sikungakhale kwa chibadwa.

Mu 2007 ofufuza a ku yunivesite ya Kentucky anaunika zolembedwa za mano za masisitere achikatolika 144 a ku Milwaukee, amene anali m'gulu la masisitere okalamba omwe ankapimidwa nzeru chaka ndi chaka. Amene anali ndi mano ochepa kwambiri, kuyambira 0 mpaka 9, ndi amene ankadwala kwambiri matenda oiwalaiwala. Ku California, kafukufuku wa okalamba oposa 5,000 amene anatsatiridwa kwa zaka 18 anasonyeza mu 2012 kuti amene sankatsuka mano tsiku lililonse anali pa chiopsezo chachikulu kuposa amene ankatsuka katatu pa tsiku.

Ku Taiwan, kumene pafupifupi anthu onse ali pa inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, ofufuza anayerekeza anthu oposa 9,000 odwala chiseyeye ndi anthu oposa 18,000 amene analibe. Zotsatira za mu 2017 zinasonyeza kuti amene anakhala ndi matendawa kwa zaka 10 anali ndi chiopsezo cha matenda a Alzheimer chokwera ndi pafupifupi 70 peresenti. Chaka chomwecho, kafukufuku wa m'tauni ya Hisayama ku Japan anapeza kuti okalamba amene anali ndi mano osakwana 20 ankadwala matenda oiwalaiwala kuposa amene anali ndi mano 20 kapena kuposerapo.

Kafukufuku wina anayang'ana anthu amene anali atadwala kale. Mu 2016 ofufuza a ku King's College London ndi yunivesite ya Southampton anatsatira anthu 60 odwala Alzheimer kwa miyezi 6. Amene anali ndi chiseyeye nzeru zawo zinalowa pansi mofulumira pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo. Komabe gululi linali laling'ono.

Mu 2021 gulu la Bei Wu la ku yunivesite ya New York linaphatikiza zotsatira za kafukufuku 14 wokhudza anthu 34,074. Linapeza kuti anthu oguluka mano ambiri anali ndi chiopsezo cha matenda oiwalaiwala chokwera ndi 28 peresenti, ndipo dzino lililonse loguluka linkawonjezera pafupifupi 1.1 peresenti. Mwa anthu amene anali ndi mano oikirira ubalewu sunaoneke bwino. Mu 2022 ofufuza a ku yunivesite ya Eastern Finland anaphatikiza kafukufuku 47 n'kupeza kukwera kwa 21 peresenti, koma anachenjeza kuti umboni wambiri unali wofooka.

Mu 2023 Satoshi Yamaguchi wa ku yunivesite ya Tohoku anafalitsa zotsatira za anthu 172 amene anajambulidwa ubongo kawiri, motalikirana zaka 4. Ofufuzawa anayeza mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus, imene imathandiza kukumbukira. Mwa anthu a chiseyeye chochepa, kukhala ndi mano ochepa kunkayendera limodzi ndi kufota msanga kwa mbaliyi. Koma mwa anthu a chiseyeye choopsa zinali zosiyana: amene anali ndi mano ambiri ndi amene ubongo wawo unkafota msanga. Ofufuzawo anati chofunika ndi kusunga mano athanzi, chifukwa kungosunga mano odwala sikuthandiza.

Njira zimene m'kamwa mungakhudzire ubongo

Njira yoyamba ndi ya mabakiteriya enieniwo. Mkati mwa timatumba ta m'nkhama zodwala mumakhala tizilonda, ndipo munthu akamatafuna kapena kutsuka mano mabakiteriya amalowa m'magazi. Chotchinga chimene chimateteza ubongo ku zinthu za m'magazi chimafooka munthu akamakalamba. Akatswiri ena amaganizanso kuti mabakiteriya angayende motsatira mtsempha waukulu wa kumaso, umene umachokera ku nsagwada kupita kuubongo. Zoti bakiteriya angawononge nzeru n'zodziwika kale: mu 1913 Hideyo Noguchi anapeza kachilombo ka chindoko muubongo wa anthu amene anamwalira atasokonezeka mutu ndi matendawo. Mu 2002 ofufuza a ku Oregon anapeza zizindikiro za mabakiteriya a m'kamwa a m'banja lomwelo la Treponema muubongo wa anthu 14 mwa 16 amene anali ndi Alzheimer, poyerekeza ndi 4 mwa 18 amene analibe.

Bakiteriya amene wafufuzidwa kwambiri ndi Porphyromonas gingivalis, mmodzi mwa oyambitsa chiseyeye. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Central Lancashire anapeza tizidutswa ta khungu lake muubongo wa odwala 4 mwa 10, koma sanatipeze mwa anthu 10 amene analibe matendawa. Mu 2018 ofufuza a ku Chicago anapaka bakiteriyayu m'kamwa mwa mbewa kwa milungu 22, ndipo muubongo wa mbewazo munapezeka kutupa, maselo owonongeka ndi amyloid beta. Izi zikugwirizana ndi zimene Robert Moir ndi Rudolph Tanzi a ku Boston anasonyeza, kuti amyloid beta amatha kukola ndi kupha tizilombo. Ngati ndi choncho, kuunjikana kwake kungakhale njira imene ubongo umadzitetezera, imene ikapitirira imawononga.

Njira yachiwiri ndi kutupa. Nkhama zikakhala zodwala kwa zaka zambiri, chitetezo cha m'thupi chimatulutsa mosalekeza timadzi toyambitsa kutupa timene timayenda m'magazi. Timadziti timatha kudzutsa maselo oteteza ubongo otchedwa microglia, amene akagwira ntchito mopitirira muyezo amavulaza maselo abwino. Kutupa komweku kumawononganso mitsempha ya magazi, ndipo chiseyeye chimayendera limodzi ndi matenda a mtima ndi sitiroko, zimene zimabweretsa mtundu wachiwiri wa matenda oiwalaiwala.

Njira yachitatu ndi kutafuna. Munthu akamatafuna, magazi opita kuubongo amawonjezeka. Mbewa zimene zinazulidwa mano a kumasaya zinkavutika kuphunzira njira, ndipo maselo a mu hippocampus anachepa. Komanso munthu wopanda mano amapewa nyama, mtedza, zipatso ndi ndiwo zamasamba zolimba, n'kumadalira phala, tiyi ndi zakudya zofewa, moti thupi limasowa zofunika. Ena amachita manyazi kulankhula kapena kudya pagulu, ndipo kudzipatula n'chimodzi mwa zinthu zodziwika zimene zimawonjezera chiopsezo cha matendawa.

Kuyesedwa kwa mankhwala a atuzaginstat

Mu January 2019 magazini ya Science Advances inafalitsa kafukufuku wa Stephen Dominy ndi anzake. Iwo anapeza mapuloteni otchedwa gingipain, amene Porphyromonas gingivalis amagwiritsa ntchito podula mapuloteni ena kuti adye, muubongo wa odwala Alzheimer oposa 90 pa 100 alionse amene anawapima. Mapuloteniwa anapezekanso, ngakhale ochepa, mwa anthu ena amene analibe matendawa. Nkhaniyi inamveka padziko lonse. Ambiri mwa olembawo anali antchito kapena eni masheya a kampani ya Cortexyme ya ku California, imene inkapanga mankhwala oletsa gingipain.

Mankhwalawo, otchedwa atuzaginstat, anayesedwa pa odwala 643 ku America ndi ku Ulaya kwa milungu 48. Ena anapatsidwa mankhwala enieni, ena mapiritsi opanda mankhwala. Zotsatira zimene zinalengezedwa mu October 2021 zinasonyeza kuti pa gulu lonse mankhwalawo sanathandize pa kukumbukira kapena pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Kampaniyo inati panali kusintha mwa odwala amene malovu awo anali ndi bakiteriyayu, koma zotsatira za kagulu kopatulidwa chonchi sizitengedwa ngati umboni wokwanira. Mankhwalawo anaonetsanso zizindikiro zowononga chiwindi, ndipo mu January 2022 bungwe la boma la America loona za mankhwala la FDA linaimitsa kuyesedwa kwake.

Zifukwa zokayikira

Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi amangoona zimene zikuchitikira anthu, osasintha kalikonse, ndipo kafukufuku wotere sangasonyeze chimene chayambitsa chinzake. Vuto lalikulu ndi lakuti matenda a Alzheimer amayamba kusintha ubongo zaka 10 mpaka 20 zizindikiro zisanaonekere. Munthu amene wayamba kuiwala pang'ono angasiye kutsuka mano bwino ndi kupita kuchipatala achibale asanazindikire kuti akudwala. Zikatero chiseyeye chimaoneka ngati chinayamba ndicho, pamene chinabwera chifukwa cha matenda a ubongo.

Vuto lachiwiri ndi la zinthu zimene zimayambitsa matenda onse awiri. Fodya amawononga nkhama ndi mitsempha ya muubongo yomwe. Odwala shuga amadwala chiseyeye pafupifupi katatu kuposa ena, ndipo shuga amawonjezeranso chiopsezo cha matenda oiwalaiwala. Anthu osauka ndi amene sanapite patali kusukulu amaguluka mano ambiri, komanso amadwala kwambiri matenda oiwalaiwala. Mu 2021 Murray Thomson ndi Yoram Barak a ku yunivesite ya Otago ku New Zealand analemba kuti zimene munthu anakumana nazo kuyambira ubwana zingafotokoze mbali yaikulu ya ubalewu. Kafukufuku wogwiritsa ntchito majini, woona ngati anthu obadwa ndi chizolowezi chodwala chiseyeye amadwalanso kwambiri Alzheimer, sanapereke yankho lomveka.

Gulu la akatswiri la magazini ya The Lancet, lotsogoleredwa ndi Gill Livingston, linatchula mu 2024 zinthu 14 zotheka kuzisintha zimene zikukhudzana ndi pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala. Zinthuzo ndi maphunziro ochepa, kusamva bwino, kusaona bwino, mafuta oipa m'magazi, kuthamanga kwa magazi, shuga, kunenepa kwambiri, kusuta fodya, kumwa mowa mwauchidakwa, kusachita masewera olimbitsa thupi, kuvulala m'mutu, matenda ovutika maganizo, kudzipatula ndi mpweya woipa. Matenda a m'kamwa sanaikidwe pa mndandandawu.

Kusamalira m'kamwa mwa wodwala

Chimene akatswiri onse amavomereza n'chakuti matenda oiwalaiwala amawononga thanzi la m'kamwa. Wodwala amaiwala kutsuka mano kapena amaiwala kagwiridwe ka mswachi. Mankhwala ena amene okalamba amamwa amaumitsa m'kamwa, ndipo malovu akachepa mano amawola msanga. Matenda akakula, wodwala sangathe kunena kuti dzino likumupweteka. Amangokana kudya, kugwiragwira tsaya, kusowa tulo kapena kukwiya, ndipo omusamalira angaganize kuti ndi matenda a m'mutu omwewo.

Kusatsuka m'kamwa kungathenso kupha. Odwala ambiri amavutika kumeza, choncho malovu ndi tizidutswa ta chakudya zimalowa m'mapapo pamodzi ndi mabakiteriya n'kuyambitsa chibayo, chimene chimapha odwala ambiri a matendawa. Kafukufuku wa Takeyoshi Yoneyama m'nyumba 11 zosungira okalamba ku Japan, amene anafalitsidwa mu 2002, anasonyeza kuti okalamba amene ankatsukidwa m'kamwa akatha kudya ankadwala ndi kumwalira ndi chibayo mocheperapo.

Madokotala amalangiza kuti munthu akangopezeka ndi matenda oiwalaiwala apimidwe mano msanga, adakali wotha kumvetsa ndi kuvomereza chithandizo. Womusamalira amathandiza potsuka mano pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kutsuka ake pamaso pa wodwalayo kuti atsanzire, kapena kugwira dzanja lake n'kumalitsogolera. Mano oikirira amafunika kuchotsedwa usiku ndi kutsukidwa.

Mmene zilili mu Africa

Pafupifupi kafukufuku yense pa nkhaniyi wachitikira ku Ulaya, ku North America ndi kum'mawa kwa Asia, pamene odwala ambiri ali m'mayiko osauka. WHO inawerengera kuti m'chigawo chake cha Africa anthu pafupifupi 44 pa 100 alionse anali ndi matenda a m'kamwa mu 2019, ndipo dokotala wa mano mmodzi amatumikira anthu pafupifupi 30,000. M'madera ambiri munthu amafika kuchipatala dzino litapweteka kale kwambiri, ndipo chithandizo chimene chimapezeka ndi kulizula.

Ku Malawi ntchito yambiri ya mano yakhala ikugwiridwa ndi othandiza madokotala ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Ndondomeko ya dziko lonse ya thanzi la m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Matenda oiwalaiwala nawo sadziwika bwino m'midzi yambiri, moti agogo amene akusochera usiku kapena kulankhula zosamveka nthawi zina amanenedwa kuti ndi mfiti m'malo mowatengera kuchipatala.

Kupewa

Kuchiza chiseyeye sikunatsimikizidwe kuti kumateteza ku matenda oiwalaiwala, ndipo palibe chifukwa chozulira mano abwino kapena kumwa mankhwala opha mabakiteriya pofuna kuteteza ubongo. Komabe njira zosamalira m'kamwa n'zotsika mtengo ndipo phindu lake pa thupi n'lodziwika. Njirazi ndi kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, kuchotsa zakudya zotsalira pakati pa mano, kuchepetsa shuga m'zakudya ndi m'zakumwa, ndi kukapimitsa nkhama zikayamba kutuluka magazi. Kusiya fodya, kuchepetsa mowa ndi kusamala matenda a shuga kumateteza nkhama, ndipo zitatuzi zili pa mndandanda wa zinthu zimene zimachepetsa chiopsezo cha matenda oiwalaiwala.